Kanyama Kolamula Bere

Scholastica anachira mwana wake woyamba mu Okutobala wa 1952, kwa amayi ake ku Chikweo. Mwana anabadwa bwino, wamkazi, wolira mokweza. Chinavuta ndi magazi. Mphasa inanyowa, anabweretsa ina, nayonso inanyowa, ndipo amayi amene anali m'chikutamo anayamba kulankhula motsitsa mawu. Scholastica anakomoka dzuwa lili pamutu, natsitsimuka mbuzi zikubwerera kukhola. Anthu anati wapulumuka, nabalalika.

Koma mkaka sunabwere.

Amayi ake, a Esime, anati mwana woyamba amatero, bere limachedwa kudzuka. Anamukumbira chinangwa kuti azitafuna chachiwisi, anamuphikira thobwa, phala lililonse anathiramo nsinjiro. Scholastica ankadya zonsezo ngati akugwira ntchito. Akatha ankaima pakhomo powala, n'kufinya bere pa chala, n'kuyang'anitsitsa. Chala chinkakhala chouma.

Masisitere a kumishoni anamuphunzitsa mpaka Sitandade 6, ndipo anatengako khalidwe lowerenga chilichonse. Tsopano ankawerenga nsanza zimene mwana wanyowetsa: dzana zinayi, dzulo zitatu, lero ziwiri. Ankaika chala paliwombo m'mawa ndi masana, nalipeza likulowa m'kati pang'onopang'ono ngati dothi la pamwamba pa una. Mwanayo ankamumwetsa madzi owiritsa othira shuga, ndi madzi a phala pa kasupuni. Mphunzitsi wa tchalitchi anabwera kudzamubatiza mwachangu, namutcha Modester. Palibe anafunsa chifukwa chake cha changucho.

Mwamuna wake, Lyford, ankagwira ntchito yokhoma njanji ku Balaka. Anafika tsiku lachisanu ndi chimodzi pa njinga yobwereka, napeza mlandu ukumudikira. Kumeneko zinkadziwika: mkazi akakhala ndi pakati kapena ali m'chikuta, mwamuna n'kukagona kwina, ndiye kuti wamusempha, ndipo tsempholo limagwira mayi kapena mwana. Mankhwala alipo, koma sagwira ntchito wolakwayo asanaulule. Ndipo podikira kuulula, mwana asalawe bere la mkazi wina, chifukwa akalawa, la mayi wake limanyanyala, silibweranso.

Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi, choncho mlanduwo unakambidwa nkhokwe ili pakati. A Esime anakhala mbali iyi, Lyford anagwada mbali inayo, mawu n'kumazungulira nkhokwe.

"Sikola, auze amuna ako kuti miyezi inayi ku Balaka si masiku anayi."

"Ndamva, mayi. Sindinalakwe kanthu," anayankha Lyford, maso ali pansi.

"Auze kuti bere silinama."

Masiku awiri anakana. Tsiku lachitatu analowa m'nyumba, nayang'ana mwana nthawi yaitali. Mwanayo anali atasiya kulira mokweza. Ankangotsegula pakamwa n'kutulutsa kamawu ngati ka mwana wa mphaka. Lyford anatuluka, nakagwada kuseri kwa nkhokwe kuja.

"Chabwino. Ndinalakwa. Kunali mkazi ku Balaka."

"Dzina lake?"

"Sindinafunse."

A Esime anaomba m'manja kamodzi, ngati munthu amene wapeza singano imene inatayika. Mizu inanyikidwa, Lyford anamwa, Scholastica anamwa, ina anasisita pamawere. Anadikira masiku atatu. Tsiku lachitatulo mwana ananyowetsa nsanza imodzi yokha, ndipo mkodzowo unali wochepa, wofiirira.

Ndi Scholastica amene ananena za chipatala. Lyford anali atamuuzapo kale kuti ku Balaka kuli dokotala wachikuda wokhala ndi makina oonera tizilombo ta m'magazi. A Esime anati apita nawo, kuti azunguwo asakamupope timagazi totsalato.

Anakwera m'mamawa lole yonyamula nsomba zouma kuchokera ku Chiuta. Lyford anakhala kumbuyo kwenikweni pamwamba pa matumba a matemba, atafulatira apongozi ake, fumbi lonse likuthera pa iye. Dzuwa la Okutobala linayamba kuotcha lisanakwere n'komwe, koma Scholastica anadzifunda bulangeti. Kuyambira tsiku la magazi lija ankamva kuzizira nthawi zonse.

Moyang'anizana naye munakhala mkazi wa Sufiyani mwini nsombazo, dzina lake Zaina, Msilamu wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, wa kandolo kasiliva pamphuno. Anali ndi mwana wamwamuna wonenepa mpaka khosi losaoneka. Mwanayo akamayamwa bere limodzi, linalo linkadontha lokha, n'kunyowetsa nsalu mpaka pamimba. Scholastica anayesa kuyang'ana mitengo, koma maso ankabwerera pomwepo.

"Ali ndi miyezi ingati?" anafunsa.

"Iwiri. Koma kudya kwake ngati wolima. Wanuyo bwanji sakulira, achemwali?"

"Watopa."

Pa Liwonde lole inaima kudikira pantoni yowolotsa pa Shire. Zaina anasuzumira m'bulangeti muja, naona kankhope kokwinyika ngati ka nkhalamba. Sanafunsenso.

"Bweretsani kuno. Langali likungothirira matemba a Sufiyani."

"Iyayi," anatero a Esime, dzanja lili kale pa mwanayo. "Mkaka wa mayi wake uli m'njira. Zinakonzedwa."

"Uli m'njira wapansi kapena pa lole, anganga?"

A Esime anatembenukira kumadzi. Manja a Scholastica anali atayamba kale kutambasuka, ndipo anawabweza.

Chipatalacho chinali cha zipinda ziwiri, chofolera ndi malata. Amene anawalandira anali a Chester. Anthu ankawatcha adokotala, koma anali wothandizira dokotala, wophunzira ku Zomba, munthu wowonda wovala kabudula woyera ndi masokosi ofika m'mawondo. Lyford anatsala pakhonde. A Chester anagwira liwombo la mwana, natsina khungu la pamimba. Khungulo linaima osabwerera. Kenaka anakoka chikope cha Scholastica. M'kati mwake munali mbuu.

"Magazi anatayika ochuluka bwanji?"

"Mphasa ziwiri, ndi nsalu zitatu za amayi."

"Munakomoka?"

"Kuyambira masana mpaka madzulo."

"Bulangetili ndi la mwana kapena lanu?"

"Langa."

"Zimenezo tinathana nazo kale," analowerera a Esime. "Mwini wake anavomera. Ali pakhondepo. Inu mungotipatsa jakisoni woti ufulumire."

"Anavomera chiyani, mayi?"

"Kuti anamusempha."

"Akanavomeranso kuti anaba sitima yonse ndi mabogi ake, mkaka sukanabwera. Bereli lilibe vuto. Chimene chavulala chili m'mutu, pansi pa ubongo, kuseri kwa mphunoku. Kanyama kakang'ono ngati nzama. Ndiko kamalamula bere kuti lipange mkaka."

A Esime anaseka kwa nthawi yoyamba m'masiku khumi ndi awiri.

"Inu adokotala, amayi anu munkawayamwa kumutu?"

Scholastica sanaseke. Anali atamva kale za chinangwa, za thobwa, za mkazi wa ku Balaka wopanda dzina, ndipo aliyense amene anamuuza ankalankhula motsimikiza chimodzimodzi.

"Ndionetseni," anatero.

A Chester anamuyang'ana kaye. Zaka zisanu ndi ziwiri pachipatalapo, makina awo ankangoona malungo ndi likodzo, ndipo palibe wodwala anapemphapo kusuzumiramo. Anatsegula kabati, natulutsa kabokosi kathabwa kamene anapatsidwa ku Zomba atakhoza mayeso. M'menemo munali timagalasi tondandalika ngati mano a chipeso. Anasankha kamodzi. Pakati pake panali kadontho kofiirira, kochepa kuposa chikhadabo cha mwana. Anasendeza makinawo pawindo, maikulosikopu yakuda yonyezimira m'mbali, napendeketsa kakalilole ka pansi pake mpaka katagwira dzuwa.

A Esime anabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma.

"Kanyama kameneko munakachotsa mwa yani?"

"Mwa nkhosa, mayi. Inadyedwa kalekale ku Zomba. Anakadula kopyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kukathira utoto."

"Ndiye mwana wanga ndi nkhosa?"

"Nkhosa nayo imayamwitsa."

Scholastica anapereka mwana kwa amayi ake, nawerama. Poyamba anangoona nsidze zake zomwe, zazikulu ngati udzu. A Chester anamuuza kuti atseke diso linalo ndi dzanja, napotoza kagudumu ka m'mbali pang'ono. Kenaka kunayera, ndipo m'kabwalo kowala munadzaza timikanda.

Tinali tothinana, m'magulumagulu ndi m'mizere yokhotakhota, ngati maso a chimanga chosabereka bwino. Tambiri tinali tofiirira ngati m'kati mwa gwafa. Tina, tocheperapo, tinali tamtundu wa inki ya kusukulu itasungunulidwa. Tina tinali totuwa ngati nsalu yosuluka. Kalikonse kanali ndi kadontho kakuda pakati, ngati diso la themba. Pakati pa maguluwo pankadutsa tinjira toyera, tokhota ngati njira za chiswe.

"Mukuona chiyani?"

"Mikanda yamitundu itatu. Ndi tinjira."

"Mitunduyo ndi ya utoto, kuti tizitha kusiyanitsa. Tinjirato ndi ta magazi. Onetsetsani, palibe kamkanda kamene kali kutali ndi kanjira. Kuchokera m'mutu kukafika kubere palibe paipi ayi. Timikandato timapanga uthenga, n'kuuponya m'magazi, magazi n'kupita nawo. Tofiirirato, tina ndi tokulitsa munthu, tina ndi touza bere kuti mwana wabadwa, yamba ntchito. Tainkito timatuma kwina: pakhosi apa pamene pamatupa chithokomiro, ndi kumimba, za kumwezi. Azungu amakatcha pituwitale. Ine ndimati kapitawo."

Anakankha kagalasiko pang'ono ndi chala. Mikanda inayenda kupita kumanzere, panadutsa kamng'alu koyera, kenaka panabwera dera lina lotuwa, lopanda mikanda, la timaulusi tokhatokha ngati thonje limene alikoka asanalipote.

"Uku ndi kumbuyo kwake. Kumeneku kumafinya. Kumafinya bere kuti mkaka utuluke, kumafinyanso chiberekero. Jakisoni amene timabaya mayi akamataya magazi amapangidwa kuchokera kumeneku."

Scholastica anamva yekha zimene a Chester sanazinene, zoti jakisoniyo akanakhalapo tsiku lija magazi akanaleka, naziika pambali.

"Bwezerani kumikanda kuja," anatero. A Chester anabwezera. "Ndiye kanga katani?"

"Mayi akakhala ndi pakati, kanyamaka kamakula, kukonzekera mwana, ndipo kamafuna magazi ambiri. Inu magazi anakuthawani tsiku limodzi. Kutsogolo kuno, kwa mikandaku, kunakhala kopanda magazi kuyambira masana mpaka madzulo. Mwaonapo chimanga mvula ikadula chikumasula ngaiyaye?"

"Timaphukanso?"

"Tikafa tafa. Kawirikawiri m'mphepete mumatsala tochepa tamoyo, n'chifukwa chake mwafika kuno ndi miyendo yanu. M'mutu mwanu sindingaonemo, ndisakunamizeni. Ndikunena zimene magazi aja, bere louma ndi bulangetili zikundiuza. Ndikulemberani kalata mukaonane ndi dokotala wamkulu ku Zomba, chifukwa kuzizirako ndi kufookako zikufuna mankhwala. Imeneyo ndi nkhani yanu, ingadikire sabata. Ya mwanayu singadikire. Masiku awiri, mwina atatu."

"Mkaka wam'chitini bwanji?" anafunsa Scholastica.

"Ulipo m'sitolo za Amwenye. Koma ndi madzi a pachitsime kumudzi, mwana wofooka chonchi, ndawaona ambiri akutsegula m'mimba mpaka kupita. Funani bere."

"Akalawa la wina, lake linyanyala," anatero a Esime ali kukhoma kuja. Mawu awo sanali okwera ngati kale.

Scholastica anali akadali ndi diso pamakina. Ankatsata kanjira kamodzi koyera, kuona mmene kankakhudzira mkanda uliwonse podutsa, ndipo anayesa kuganiza kabwalo komweko kopanda mtundu, mikanda yonse itatuwa. Masiku khumi ndi awiri anali akudikira chinthu chimene ankati chili m'njira. Anaweramuka. Diso limene analitseka lija linkaona zobiriwira.

"Silinanyanyale, mayi. Silinauzidwe. Wouza wake kulibe."

Anatenga mwana m'manja mwa amayi ake, nalandira kalata, nathokoza. Pakhonde Lyford anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Tafika ku Balaka," anatero Scholastica. "Kandionetseni mkazi uja."

"Kulibe."

"Nanga munaneneranji?"

"Anati ndikanena mwana ayamwa."

Anamuyang'ana nkhope monga ankayang'anira liwombo, kufuna chizindikiro. Anaona fumbi la pamsewu ndi mamba a matemba m'tsitsi. Sakanatha kudziwa, ndipo panalibe nthawi.

"Lole ija imatsitsa kuti nsomba?"

"Kusiteshoni."

"Tsogolani."

Anakamupeza Zaina ali pansi pa mlambe, kuseri kwa shedi ya katundu, atakhala pa thumba lopanda kanthu, akudya mango. Mwamuna wake Sufiyani anali uko akukangana ndi onyamula matumba. Zaina ataona atatuwo akubwera, Lyford patsogolo patali, a Esime pambuyo patali, anapukuta manja pansalu.

"Mkaka uja wafika, anganga?"

Scholastica anagwada.

"Achemwali, munanena pa Liwonde paja."

"Ndinanena."

"Sikola," anatero a Esime, "thupi la munthu sulidziwa. Akakhala wotentha amutsiriza mwanayu."

"Wawo ali ndi miyezi iwiri, mayi. Ndinafunsa pa lole. Sanamutengere kumphasa."

Zaina anaseka mpaka kandolo kanagwedera.

"Kutentha kuti? Sufiyani akugona pakhonde ndi matemba ake mpaka mwanayu adzakhale pansi yekha. Ndazizira ngati mtsuko, anganga."

"Komanso wathuyu ndi wobatizidwa," anatero a Esime.

"Bere langa silinapite kumadarasa. Silimufunsa dzina." Kenaka anasiya kuseka, natembenukira kwa Scholastica. "Koma mumve ichi, achemwali, ndi bambo akewo amve ali pomwepo. Kwathu mkaka ndi ubale. Akayamwa kasanu n'kukhuta, uyu ndi mlongo wake wa Bakili wangayu mpaka kufa. Asadzakwatirane, ngakhale atadzakondana bwanji. Ndipo ine ndine mayi wake, akadzakula asadzandidutse panjira ngati mlendo."

"Ndamva."

"Ndipo ine sindikhala ku Chikweo. Nsomba sizingandidikire. Mwana ayamwa usana ndi usiku, ndiye mubwera inu ku Chiuta, mudzagona m'nyumba mwanga kufikira atayamba phala."

A Esime anatsegula pakamwa. Mwana wamkazi sachoka pamudzi pa amayi ake kukakhala kwa eni. Scholastica sanawayang'ane.

"Ndibwera."

Zaina anapereka Bakili kwa a Esime osawafunsa, ndipo iwo anangopezeka amulandira, nadabwa kulemera kwake. Zaina anatenga Modester, namuika m'khwapa, natulutsa bere. Mwanayo sanagwire. Mutu unagwera kumbali, pakamwa pali yasa.

"Waiwala," ananong'ona Scholastica. "Watopa kwambiri. Tachedwa."

"Khalani chete, achemwali, mukundiumitsa mkaka."

Anafinya kadontho pamlomo wa mwana. Kanatsetsereka kupita kutsaya. Anafinya kena, nasisita kukhosi ndi chala. Kachitatu lilime linatuluka. Kachinayi kamutu kanatembenuka kokha, kakufunafuna, ndipo Zaina anakankhira bere lonse m'kamwa.

Scholastica anasendera mpaka mawondo ake anagunda a Zaina. Sankayang'ana pakamwa, ankayang'ana pakhosi. Mwanayo anakoka katatu osameza, kenaka pakhosi panayenda. Kamodzi. Anapuma nthawi yaitali, moti Scholastica anaika dzanja pamsana kuti amve ngati akupuma. Kawiri. Katatu. Sitima ya katundu inalira kusiteshoni, onyamula matumba anakuwa, iye anapitiriza kuwerenga. M'chifuwa mwake mwini munalibe chimene chinayankha, ndipo anazindikira zimenezo monga munthu amazindikira kuti kunja kwachita mitambo. Anafika makumi anayi ndi kasanu ndi kawiri mwana asanagone, bere lili m'kamwa.

"Kamodzi ako," anatero Zaina. "Kwatsala kanayi."

Lole inanyamuka dzuwa litapendeka, yopanda katundu, yodumphadumpha. Lyford anatsala ku Balaka chifukwa tchuthi chake chinali chitatha. Anati adzabwera ku Chiuta mwezi ukatha, adzamuperekeze ku Zomba. Anathamangira lole pang'ono, kenaka anaima. A Esime anakhala pakona, Bakili ali m'tulo pamiyendo pawo, akudandaula kuti mwana wa eni wawaphwanya mawondo, koma osamubweza.

Modester anayamwanso asanafike pa Liwonde, nayamwanso ali pa pantoni. Atawoloka, Scholastica anamulandira namuika m'bulangeti. Anagwira liwombo, linali lolowabe, mwina pang'ono chabe kusiyana ndi m'mawa, mwina chala chake chinkamunamiza. Anachotsa dzanja kuti asamangoligwira. Lole itayamba kukwera phiri, anamva kutentha pantchafu, kukufalikira pansalu. Analowetsa dzanja, natulutsa nsanza, naiyang'ana padzuwa. Inali yonyowa mbali zonse, ndipo mkodzowo unali woyera.

"Mayi, muli ndi nsanza ina youma?"

A Esime anafufuza m'mtolo mwawo ndi dzanja limodzi, namuponyera.